Carlton: Mbiri ya Nyumba Yosanja ya ku Joni

Ndi mabanja owerengeka okha m'dziko lathu lino amene alibe mbale wao amene adapondako ku Joni. Agogo athu adapita pa Wenela kukakumba golide kunsi kwa nthaka, atate athu adapita pa Theba, ndipo masiku ano ana athu akukwera mabasi kudzera ku Mwanza kukafuna ntchito mu mzinda womwewo. Nkhani za m'migodi tidazimva kawirikawiri kwa amene adabwerako, koma ndi ochepa mwa ife amene adafunsapo kuti kodi chuma chidatuluka pansi chija chidamanga chiyani pamtunda. Tsono mwezi uno, awerengi athu okondedwa, tiyeni tione mbiri ya chimodzi mwa zinthu zimene chumacho chidamanga. Tikunena za Carlton, nyumba yosanja ya maofesi pamodzi ndi hotela yake, imene idaima pakati penipeni pa mzinda wa Johannesburg, m'mbali mwa msewu wa Commissioner.

Hotela yoyamba

Mzinda wa Johannesburg udabadwa m'chaka cha 1886 pamene golide adapezeka pa mtandadza wa zitunda zotchedwa Witwatersrand. Poyamba panali mahema ndi tinyumba ta malata, koma zisanathe zaka 10 panali pataima kale mabanki, masitolo ndi nyumba za njerwa. Mmodzi mwa anthu amene adalemera kwambiri pa nthawiyo anali Barney Barnato, munthu wobadwira m'banja losauka ku London, amene adapeza chuma chake choyamba m'migodi ya dayamondi ku Kimberley. Iyeyu ndiye adaganiza m'chaka cha 1895 zomanga hotela yoti alendo ochokera ku Ulaya akaiona asamanyozenso mzinda wa m'fumbiwo. Koma mwini maganizo sadaione hotela yake, pakuti mu 1897 adagwera m'nyanja kuchokera m'sitima ya pamadzi imene inkapita naye ku England. Pambuyo pake kudabuka nkhondo ya pakati pa Angerezi ndi Mabuno, kuyambira 1899 kufikira 1902, ndipo ntchito idaima.

Hotela ya Carlton yoyambayo idatsegulidwa mu 1906 pa msewu wa Eloff. Kwa zaka zoposa 50 inali malo ofikirako eni migodi, akuluakulu a boma ndi alendo olemekezeka. M'chaka cha 1947 Mfumu George VI ya ku Britain idafikira momwemo pamodzi ndi banja lake. Komabe ulemu wonsewo sudaipulumutse. Malo amene idaimapo adakwera mtengo koposa nyumba yeniyeniyo, motero mu 1963 idatsekedwa ndipo posakhalitsa idagwetsedwa. Apa tiyambe kale kuona khalidwe la mzinda umenewu: sukhalira kusunga chinthu chifukwa cha ukalamba wake, umangofunsa phindu limene chinthucho chikubweretsa lero.

Chifukwa chake adamanga yaitali chotere

Kuti timvetse bwino chimene chidabala Carlton wachiwiri, tiyenera kubwerera ku tsiku la 21 Malichi 1960, pamene apolisi adaombera anthu osanyamula zida ku Sharpeville, napha anthu 69 amene ankatsutsa lamulo la zitupa. Dziko lonse lapansi lidanyansidwa, ndipo amalonda ambiri akunja adayamba kuchotsa ndalama zao mu South Africa. Boma la tsankho lidayankha m'njira ziwiri. Lidaletsa zipani za anthu akuda ndi kumanga atsogoleri ao, kotero kuti mu 1964 Nelson Mandela ndi anzake adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wao wonse. Lidakhwimitsanso malamulo oletsa kutulutsa ndalama kunja kwa dziko.

Zotsatira zake zinali zodabwitsa. Otsutsa atatsekedwa pakamwa, amalonda adalimbanso mtima, ndipo m'zaka za m'ma 1960 chuma cha dzikolo chidakula mofulumira kwambiri. Makampani akuluakulu adadzaza nkhokwe zao, koma popeza ndalamazo sizikadatha kutuluka kunja mosavuta, adayenera kuzifunira pozikhazika m'dziko momwemo. Ambiri adaziika m'nyumba. Kampani ya Anglo American, imene Ernest Oppenheimer adaiyambitsa mu 1917 ndipo pa nthawiyi inkatsogozedwa ndi mwana wake Harry Oppenheimer, idagwirizana ndi kampani yofulula mowa ya South African Breweries kuti amange chinthu chimene Africa anali asanachionepo. Cholinga sichinali malo ogona ndi ogwiriramo ntchito okha ai. Ankafuna kuonetsa dziko lapansi kuti Johannesburg ndi mnzake wa New York ndi Chicago, ndi kuti amene adathawa ndi ndalama zao mu 1960 adathawa pachabe.

Ntchito yomanga

Mapulani adalembedwa ndi akatswiri a ku America a kampani ya Skidmore, Owings and Merrill, mothandizana ndi anzao a mu Johannesburg momwemo. Nyumba zakale zambiri zidagwetsedwa, ndipo akuluakulu a mzinda adalola kuti zigawo za misewu ina zitsekedwe kuti malo akhale amodzi otakasuka. Kukumba kudayamba mu Januwale 1967. Kwa nthawi yaitali anthu odutsa ankangoona chidzenje chachikulu pakati pa mzinda, ngati kuti mgodi watsopano watsegulidwa pamenepo. Ndipo kunena zoona, mbali yaikulu ya Carlton ili pansi pa nthaka: pafupifupi theka la malo ake onse lili kunsi kwa msewu.

Hotela ndiyo idayamba kulandira alendo mu 1972. Inali yosanja ka 30, ya zipinda zogona zoposa 600, yotambalala m'munsi ndi yowongoka kumwamba. Nyumba ya maofesi idatsegulidwa mu 1973, yosanja ka 50, yotalika mamita 223. Amene amaonera mpira angayerekeze motere: mutatenga mabwalo awiri a mpira, n'kuwalumikiza m'litali, n'kuwaimika chilili, sakadafikabe pa denga lake. Ntchito yonse idadya ndalama zoposa R88 miliyoni, pa nthawi imene Rand imodzi inali yamphamvu kuposa dola ya ku America. Pansi pake padali masitolo oposa 180, olumikiza hotela ndi maofesi, kotero kuti mlendo ankatha kugona, kudya, kugula zovala ndi kukambirana za malonda osaponda msewu. Padalinso bwalo la madzi oundana loseweramo, chinthu chachilendo ndithu m'dziko la dzuwa. Pa nsanjika yomaliza adakonzapo malo oti anthu azikwera ndi chikepe kukaona mzinda wonse. Kwa zaka 46, kuyambira 1973 kufikira 2019, m'Africa monse mudalibe nyumba ya maofesi kapena yogonamo yotalika kuposa imeneyi.

Chikomekome cha mkuyu

Makolo athu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu woima pa nsanjika ya 50 akayang'ana kummwera ankaona zitunda zachikasu zandanda. Zitunda zimenezo si zachilengedwe ai, koma ndi mchenga wotsala atachotsa golide m'miyala imene anthu adaiphwanya pansi pa nthaka, m'malo otentha ndi amdima. Chaka chomwecho chimene hotela idatsegulidwa, 1972, katswiri wa za chuma Francis Wilson adatulutsa buku lofufuza za ntchito ya m'migodi ya golide kuyambira 1911 kufikira 1969. Iye adapeza kuti malipiro a wantchito wakuda, poyerekeza ndi zimene akadatha kugula, sadakwere konse pa zaka zonsezo, ndi kuti pofika kumapeto kwa nyengoyo mzungu wa mu mgodi ankalandira pafupifupi ka 20 kuposa mnzake wakuda. Anglo American inali imodzi mwa makampani aakulu koposa a migodi ya golide. Choncho sitikulakwa tikanena kuti kuchepa kwa malipiro a pansi kudathandiza kutalika kwa nyumba ya pamwamba.

Apa ndi pamene mbiri imeneyi ikutikhudza ife. M'zaka zimene Carlton ankamalizidwa, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa, akugona m'makomboni a amuna okhaokha, kutali ndi akazi ao ndi ana ao. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwao adafera pomwepo. Boma la Dr Kamuzu Banda lidaimitsa kulemba anthu a ku migodi. Kusowa kwa antchito kumene kudatsatira, pamodzi ndi kukwera kwa mtengo wa golide ndi ufulu wa Mozambique mu 1975, kudakakamiza eni migodi kukweza malipiro kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri. Kulemba kudayambanso mu 1977, koma sikudafikenso pa chiwerengero chakale.

Nanga anthu akuda a mu Johannesburg momwemo? Iwo ndiwo adasenza simenti, kupinda zitsulo ndi kuthira konkire. Nyumba itatha, iwo ndiwo ankasesa, kuyala mabedi ndi kutsuka mbale. Koma lamulo la 1950 logawa malo okhala potsata mtundu lidati pakati pa mzinda ndi pa azungu. Dzuwa likapendeka, wantchito ankathamangira sitima ya ku Soweto, chitupa chili m'thumba, pakuti kupezeka wopanda chitupa kunali kugona m'chitokosi. M'kati mwa zaka za m'ma 1970 boma lidalola mahotela ochepa, kuphatikizapo Carlton, kulandira alendo a mitundu yonse, makamaka pofuna kupewa manyazi pamaso pa akazembe ndi amalonda akunja. Motero munthu wakuda ankatha kudyera pa tebulo limodzi ndi mzungu m'kati mwa hotela, koma akangotuluka pakhomo malamulo a tsankho ankamudikira pa msewu.

Misonkhano itatu

Chodabwitsa n'chakuti kamwayi kakang'ono kameneka ndiko kadapatsa Carlton malo m'mbiri ya ufulu. Popeza kunali kosowa koti anthu a mitundu yosiyana akomane poyera, hotelayi idasanduka bwalo la milandu ya dziko. Tikumbukepo misonkhano itatu.

Woyamba udachitika mu Novembala 1979. Nduna yaikulu P. W. Botha adaitana eni makampani akuluakulu, pakati pao Harry Oppenheimer, nawapempha kuti agwirane manja ndi boma. Adawafotokozera maganizo ake omanga gulu la maiko a kummwera kwa Africa lozungulira South Africa ndi kudalira chuma chake. Maiko oyandikana nawo adaona msampha umenewo. Mu Epulo 1980 maiko 9, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, adakomana ku Lusaka nayambitsa bungwe lao la SADCC, lofuna kuchepetsa kudalira South Africa. Bungwe limenelo ndilo lidasanduka SADC mu 1992.

Wachiwiri udachitika pa 14 Sepitembala 1991. Mandela anali atatuluka m'ndende mu Febuluwale 1990, koma magazi ankakhetsedwa koopsa m'makomboni, m'sitima ndi m'midzi ya ku Natal. Zipani sizinkakhulupirirana, ndipo palibe chimene chikadavomera kuitanidwa ndi chinzake. Amene adakhala ankhoswe anali atsogoleri a mipingo, monga Desmond Tutu ndi Frank Chikane, pamodzi ndi akuluakulu a malonda. Tsiku limenelo, m'hotela ya Carlton, F. W. de Klerk, Nelson Mandela, Mangosuthu Buthelezi ndi atsogoleri a magulu oposa 20 adasaina pangano la mtendere. Kunja kwa hotela kudasonkhana khamu la otsatira chipani cha Inkatha atanyamula mikondo ndi zibonga, chizindikiro chakuti mtenderewo udali pa pepala pokha. Zoonadi kuphana sikudathe tsiku lomwelo. Komabe panganolo lidakhazikitsa malamulo a khalidwe la apolisi ndi la zipani, lidabala makomiti a mtendere m'madera, ndipo lidatsegula njira ya zokambirana za malamulo atsopano a dziko zimene zidayamba mu Disembala chaka chomwecho.

Wachitatu sunali msonkhano wa zokambirana koma wa chimwemwe. Usiku wa pa 2 Meyi 1994, zotsatira za chisankho choyamba cha anthu a mitundu yonse zitaoneka poyera, ndipo de Klerk atavomera kuti wagonja, Mandela adaimirira m'chipinda chachikulu cha hotelayi kulankhula kwa mtundu wake. Pambali pake padali Coretta Scott King, mkazi wamasiye wa Martin Luther King. Nkhalamba ya zaka 75 idavina pamaso pa dziko lonse, m'nyumba imene pa kutsegulidwa kwake iye anali mkaidi wa pa chilumba cha Robben. Ifenso kuno tinali titatsala ndi masabata awiri okha kuti tiponye mavoti athu a pa 17 Meyi.

Ndapakonda adasiya khonde

Munthu akadaganiza kuti hotela yoona zazikulu zotere idzakhala mpaka kalekale. Koma zisanathe zaka zinai chichitikire chikondwerero chija, pofika mu 1998, zitseko zake zinali zitatsekedwa ndipo katundu wa m'kati adagulitsidwa. Kodi chidachitika n'chiyani?

Ambiri amayankha msanga kuti ndi umbava ndi umbanda, ndipo n'zoona kuti m'zaka za m'ma 1990 alendo ankaopa kuyenda m'misewu ya pakati pa mzindawo. Koma mbeu ya kugwa idafesedwa kale. Chaka chomwecho cha 1973 chimene Carlton adatsegulidwa, kumpoto kwa mzinda kudatsegulidwanso masitolo aakulu a Sandton City. Misewu yatsopano yotakata idapangitsa kuti munthu wa galimoto asavutike kukhala ndi kugwira ntchito kutali ndi pakati pa mzinda, kumene malo oimika galimoto anali osowa. Makampani adayamba kusamuka mmodzimmodzi tsankho lisanathe n'komwe. Ndipo pamene lamulo la zitupa lidafafanizidwa mu 1986, ndi lamulo logawa malo mu 1991, anthu amene kwa zaka zambiri ankaloledwa kulowa mu mzinda ngati antchito okha adayamba kukhalamo ngati eni ake. Kusamuka kwa eni chuma kudasanduka liwiro. Ndapakonda adasiya khonde.

M'chaka cha 1999 Anglo American idagulitsa Carlton yense kwa Transnet, kampani ya boma yoyendetsa njanji ndi madoko, pa mtengo wa R33 miliyoni. Tikumbuke kuti kumanga kudadya R88 miliyoni pamene Rand inali yoposa dola, koma pa nthawi yogulitsayi dola imodzi inkasinthidwa ndi ma Rand pafupifupi 6. Chaka chomwecho Anglo American idasamutsira likulu lake ku London. M'chaka cha 2000 msika wa masheya wa Johannesburg udachoka pakati pa mzinda kupita ku Sandton. Transnet idakhazika likulu lake m'nyumba ya maofesi ija kwa zaka zingapo, ndipo masitolo a pansi adapitirira kudzaza ndi ogula, tsopano anthu wamba. Koma hotela sidatsegulidwenso. Mu 2019 ngakhale ulemu wa kutalika udachoka, pamene nyumba yotchedwa The Leonardo, ya mamita 234, idamalizidwa ku Sandton komweko.

Zipinda zopanda anthu, anthu opanda zipinda

Mbiri imeneyi ikadakhala ya njerwa ndi ndalama zokha, tikadaimira pomwepa. Koma m'bandakucha wa pa 31 Ogasiti 2023, pa mtunda waufupi kuchokera pa Carlton, moto udabuka m'nyumba yosanja yotchedwa Usindiso, pa msewu wa Albert. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda, koma idasiyidwa osasamalidwa, ndipo anthu osauka mazana angapo ankakhalamo, atagawa zipinda ndi matabwa ndi makatoni, akulipira lendi kwa anthu amene sanali eni ake. Anthu 76 adafa, ana ali pomwepo, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Sisi Khampepe lidapeza mu 2024 kuti akuluakulu a mzinda adalephera udindo wao. Chomvetsa chisoni china n'chakuti m'masiku a tsankho nyumba yomweyo inali ofesi yaikulu ya zitupa, kumene munthu wakuda ankaima pa mzere kupempha chilolezo chokhala mu Johannesburg.

Tiyeni tiziike pamodzi zinthu ziwirizi. Pa usiku wa motowo, hotela ya zipinda zoposa 600 inali itakhala yotseka kwa zaka 25, pamene pafupi pomwepo mabanja ankapanikizana m'nyumba yopanda potulukira pa ngozi. Sitikunena kuti kusandutsa hotela kukhala nyumba za anthu osauka ndi chinthu chapafupi, pakuti zikepe, mipope ya madzi ndi magetsi a nyumba yosanja ka 30 zimafuna ndalama zambiri tsiku ndi tsiku. Koma funso silichoka. Mzinda umene udapeza nzeru ndi ndalama zokumba chidzenje chija mu 1967 ndi kuimika nyumba yoposa zonse m'Africa, udalephera bwanji kupeza malo ogona abwino a anthu amene amausesa, kuulonda ndi kuuphikira?

Yankho lina lili m'chiyambi momwe. Carlton adamangidwira anthu ochepa, pa nthawi imene lamulo linkatsekera ambiri kunja. Omanga adawerengera bwino kulemera kwa konkire ndi mphamvu ya mphepo, koma sadawerengere za tsiku limene otsekeredwa kunja aja adzalowe. Tsikulo litafika, eni chuma adasankha kukamanga mzinda wina kumpoto m'malo mokhala pamodzi ndi anansi ao atsopano, ndipo olamulira atsopano nawo sadasamale mokwanira zimene adazipeza. Mlandu uli mbali zonse ziwiri, ndipo amene adalipira ndi aja ogona pa makatoni.

Ife amene tili ndi ana ndi abale ku Joni tisamangofunsa za ndalama zimene atumiza mwezi uno. Tiziwafunsanso kumene amagona, ngati nyumbayo ili ndi madzi, ndiponso ngati ili ndi khomo lothawira moto utabuka. Ndipo mwana akatitumizira chithunzi ataima patsinde pa nyumba yaitali ija ya pa msewu wa Commissioner, timuuze mbiri yake: kuti m'maziko ake muli thukuta la agogo ake a pa Wenela, kuti m'zipinda zake adani adasainirana mtendere mu 1991, ndi kuti pafupi pomwepo abale athu adapsa ndi moto chifukwa chosowa pogona poyenera.